Bandi pa madyerero a masana: yankho kwa mkwatibwi wa ku Lilongwe

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Lilongwe amene akumanga woyera mu Okutobala akubwerayu. Funso lake mwachidule ndi ili: madyerero adzachitikira pa gadeni kuyambira 1 koloko mpaka cha m'ma 5, oitanidwa ndi anthu pafupifupi 300, amuna akewo akakamira kuti pakhale bandi yoimba pompo osati DJ, pomwe azakhali ake akuti bandi nkungotaya ndalama basi. Ndiye akufunsa kuti atenge bandi yotani, ndipo kodi masana dzuwa likuswa mtengo bandi imagwira ngati mmene imagwirira usiku?

Achemwali, zikomo pondilembera ndipo zabwino zonse pa ulendo mwauyambawu. Ndikuyankhani pano chifukwa funso lanuli ena ambiri ali nalo. Maganizo anga ndi awa, bandi tengani ngati thumba likulola, koma ikhale yaing'ono, ndipo DJ musamuchotse olo pang'ono. Amuna anu akunena zoona, azakhali anunso sakunama, kungoti aliyense akuona mbali imodzi.

Tiyambe ndi perekani-perekani chifukwa apa mpamene pagona nkhani. Madyerero athu kuno kumudzi sali ngati aja mumaonera pa YouTube oti anthu akhala pansi, akudya, bandi ikuimba chapansipansi kumbali. Kwathu kuno mwa maola anayi muli nawowo, oposa theka amapita ku kufupa. MC aitana akuchikazi, kenako akuchimuna, kenako akuntchito kwa mkwati, amayi a kutchalitchi, anzanu a kusekondale, aneba, ankhoswe, a komiti, ndipo gulu lililonse limabwera ndi nyimbo yake, ena amachita kukana kunyamuka pampando mpaka nyimbo yawoyo imveke. Nyimbo ija imangolira mphindi ziwiri kapena zitatu MC nkukweza dzanja kuti dulani, makashiya atole ndalama pansi, aike mubasiketi, uku gulu lina layamba kale kufola. DJ zimenezi amapanga ndi chala chimodzi, wina akapempha amapiano aika, wina manganje aika, wina ya kwaya ya ku Zambia aika, wina rumba ya ku Congo ya kalekale aika. Bandi siingathe zimenezo kwa maola awiri osapuma, mmero wa woimba ndi wa munthu, wang'oma manja amatopa, ndipo nyimbo imene sanaiphunzire sangaipeke pomwepo. Akangoyamba kuyang'anizana kuti tiimba mu kiyi yanji, anthu aja anaimirira ndi ma K500 ndi ma K1000 m'manja amabwerera kukakhala, ndalama nkubwereranso mchikwama. Azakhali anu akamati bandi nkutaya ndalama ndikhulupirira akuganiza zimenezi, ndipo musawaone ngati achikale, ukwati wambiri ngongole ya holo ndi ya chakudya imabwezedwa ndi ndalama za pa perekani zomwezo.

Chinanso ndi masitepe a operekeza akwati. Anyamata ndi atsikana aja amakhala akuyeserera masabata angapo pa nyimbo ya pa foni, akudziwa kuti pakalira chakuti timatembenuka, pakalira chakuti timagwada. Bandi ikaimba nyimbo yomweyo liwiro limasiyana pang'ono, mwina awonjezera kolasi, basi mzere wonse wasokonekera pamaso pa anthu ndi pa vidiyo yomwe. Polowa operekeza msiyireni DJ, aike yomwe ija anaphunzirira.

Nanga bandi ntchito yake ikhala iti? Ilipo, ndipo ndi yokoma zedi. Ganizirani nthawi ija mwatuluka mu tchalitchi inu mwapita kokajambulitsa zithunzi, alendo afika pa gadeni 1 koloko, inu mukufika cha m'ma 2 ngati zayenda bwino. Ola limenelo ndi limene anthu amatopa nalo, ana ayamba kulira, azibambo atulukira kumagalimoto, ena ayamba kudandaula za njala. Pakakhala wa kiyibodi, wa gitala ndi mtsikana wa mawu abwino akuimba mofatsa nyimbo zoti anthu amazidziwa, mumaona agogo akugwedeza mutu, azimayi akuyankhira kolasi chapansipansi uku akudzikupiza ndi pepala la pulogalamu, munthu sadziwa nkomwe kuti akwati achedwa. Nthawi ya chakudya chimodzimodzi. Podula keke, povina inu awiri, polowa makolo, apa ndiye bandi imaposa DJ kutalitali, chifukwa woimba akhoza kutchula maina anu mu nyimbo, akhoza kuitalikitsa akaona kuti mayi anu adakavinabe ndipo misozi ikutsika, akhoza kutsitsa mawu bambo akafuna kulankhula. Ndipo pa perekani pomwepo mukhoza kuwapatsa chigawo chimodzi, makamaka cha makolo ndi achibale akuluakulu, nyimbo zakale za m'ma 80 ndi m'ma 90 zikamaimbidwa ndi zida zenizeni akuluakulu amadzuka okha osaitanidwa. Ndiye mukawerengera bandi iimba mwina ola ndi theka kapena awiri onse pamodzi, mozidula zigawo, kwinako DJ.

Nchifukwa chake ndikuti yaing'ono. Anthu anayi kapena asanu akwana, kiyibodi, gitala, besi, ng'oma ndi woimba, mukafuna kukometsera onjezani wa sakisofoni, masiku ano maukwati a mtauni akuikonda ndipo pa gadeni imamveka bwino kwambiri. Mabandi akuluakulu ngati Black Missionaries ya ku Chileka kapena Alleluya Band ya ku Balaka, yomwe inayamba kale mu 1978, ndi akatswiri ndipo ine ndimawalemekeza, koma amenewo ndi oti anthu amalipira pakhomo kudzawaonera iwowo, ali ndi nyimbo zawo zimene anthu akuyembekeza. Mukawabweretsa, maso ndi mafoni onse aloza ku siteji, ndipo mbiri ikangomveka m'dera kuti kwabwera akutiakuti, pageti padzaza anthu oti simukuwadziwa. Ngati amuna anu ali ndi woimba wina wotchuka amene mtima wawo uli pa iyeyo, ndipo ndalama zilipo, muitaneni adzaimbe nyimbo zitatu zinayi chakumapeto, perekani atatha, zikhale ngati mphatso kwa alendo.

Oimba abwino a kagulu kakang'ono sasowa mu Lilongwe. Yambirani kutchalitchi kwanu komweko, anyamata ambiri oimba m'mabandi anaphunzirira zida kumeneko. Pitani m'mahotela ndi malo odyera amene amakhala ndi bandi kumapeto a sabata, funsaninso ku Music Crossroads ku Area 23 komwe achinyamata amaphunzira zoimbaimba. Koma chonde chonde musalembe ntchito bandi chifukwa cha kavidiyo ka pa WhatsApp kapena Facebook. Kavidiyo amasankha pamene panakoma. Pitani nokha awiri mukawamve akuimba penapake, kapena kumene amayeserera, mukhale mpaka nyimbo zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Muwapemphe nyimbo imodzi ya uzimu, imodzi yachikondi yodekha, imodzi yovinika, kenako pakati pa nyimbo mukweze dzanja kuti aime ayambe ina, muone ngati aima onse pamodzi kapena wang'oma apitirira yekha. Ndipo mufunse mosapsatira kuti anthu ndikuwaona panowa ndi omwewa adzabwere? Chifukwa zimachitika, mwamva mawu a mtsikana wina mwakomedwa, tsiku la ukwati kukubwera wina poti uja wapita ku ukwati wina wolipira bwino. Okutobala maukwati amachuluka, Loweruka limodzi gulu limodzi limatha kugawikana pawiri.

Tsopano za masana zimene mwafunsazi. Usiku magetsi a mitundumitundu amabisa zambiri, masana chilichonse chili poyera, nthambo zomangamanga ndi selotepu, sipika yong'ambika, woimba wavala jini yothothoka ndi silipasi pakati pa dekoleshoni yanu yodula ija, zonse zimalowa mu zithunzi. Auzeni mtundu wa zovala, olo malaya oyera ndi thalauza lakuda basi, kapena muwagulire chitenje cha ukwatiwo asoketse. Komanso anthu a masana ndi ena, pali abusa, pali agogo ochokera kumudzi, pali makanda, anthu sanalawe kamowa kalikonse, ndiye nyimbo zina zimene zimadutsa bwinobwino ku shoo ya usiku pano zichititsa manyazi. Khalani nawo pansi mulembe zoti aimbe ndi zoti asayerekeze, ndipo ngati mpingo wanu uli ndi malamulo pa nyimbo za kudziko funsiranitu kwa akulu ampingo musanapereke dipoziti. Za phokoso nazonso, masipika asayang'ane pa tebulo la makolo, munthu azitha kulankhula ndi mnzake wapafupi osakuwa.

Kutentha kwa Okutobala inu mukukudziwa. Bandi ikhale pa mthunzi weniweni, tenti yawoyawo, ndipo poika muganizire kumene dzuwa lidzakhale 3 koloko osati kumene lili m'mawa pokonza malo, chifukwa likapendeka limalowa cham'mbali. Gitala ikakhala padzuwa nthambo zimasuntha mawu nkuyamba kumveka mokhota, ampulifaya ndi mikisa zikatentha kwambiri zimatha kuzima zokha, laputopu ya DJ nayo chimodzimodzi. Madzi akumwa akhale pambali pawo kireti yathunthu. Ndipo kumapeto kwa mweziwo nthawi zina kumagwa kamvula koyamba kadzidzidzi kobwera ndi mphepo, ndiye tenti ikhale ndi nsalu zam'mbali zoti nkutsitsa msanga, nthambo za magetsi zisagone pa kapinga poti madzi angadutse.

Magetsi ndiye musachite kubetcha. Ambiri mwa magetsi athu amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo kuthimathima tonse tikukudziwa. Jenereta ikhalepo, ndipo mufunse kuti ndi ya ndani, ya eni gadeni kapena ya bandi, ndi yamphamvu bwanji, mafuta agula ndani. Kajenereta kakang'ono koyatsira TV kunyumba sikanganyamule masipika a anthu 300 pamodzi ndi mafiriji a zakumwa. Mafuta mugulirenitu masiku angapo, nkhani ya mizere pa filing'i siteshoni si yachilendo. Iikidwe patali kuseri kuti kulira kwake kusalowe mu maiki, ndipo ailize m'mawa poyesa zida, osati kudikira magetsi azime kaye.

Pamenepa ndionjezepo chinthu chimene ine ndimachikonda kwambiri ndipo anthu a mtauni tikuchiiwala. Nyimbo zapompo si bandi ya magitala yokha. Kwaya ya kutchalitchi kwanu ikhoza kukulandirani pageti ndi mawu okha. Ngati kwanu ndi ku Dowa kapena ku Ntchisi kuli mganda, azimayi ali ndi chimtali, ngati amuna anu ndi a ku Nkhata Bay kuli malipenga, ku Mangochi beni, kwa Alhomwe tchopa. Magule amenewa ndi a masana enieni, amafuna bwalo ndi kuwala, safuna ESCOM, ndipo mphindi 15 zokha achibale ochokera kumudzi amamva kuti ukwatiwu ndi wawonso osati wa anthu a mtauni okha. Mtengo wake nthawi zambiri ndi thiransipoti, chakudya ndi kangachepe kowathokoza, ndipo magetsi akati azime pakati pa mwambo ng'oma imapitiriza.

Za mtengo sindilemba nambala pano chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ikungosinthasintha, funsani magulu atatu mufananize. Chachikulu ndi kudziwa kuti mu mtengomo muli chiyani. Ena amakutchulirani za oimba okha, kenako sabata yomaliza mukumva kuti masipika ndi apadera, galimoto yonyamula zida ndi yapadera. Njira yabwino ndi yoti bandi ndi DJ agwiritse ntchito masipika amodzi ndi mikisa imodzi, munthu mmodzi ndiye aziyang'anira, mukatero mwapulumutsa ndalama komanso mwapewa mpikisano wokwezerana voliyumu. Zonse zilembedwe pa pepala musayinirane, tsiku, malo, nthawi yofika, maina a oimba, nthawi yomaliza, dipoziti ndi yotsala. Mukatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba sungani uthengawo. Musamalize kulipira zonse tsiku lisanafike. Nthawi yofika ikhale 10 koloko m'mawa kuti 12 ikamakwana akhale atamaliza kuyesa zida, palibe chonyansa ngati alendo akhala kale wina ali "one two, one two" pa maiki. Afunseninso ngati ali ndi shoo Lachisanu usiku kutali kapena ina Loweruka lomwelo madzulo, poti woyamba adzafika mochedwa maso ali psuu, wachiwiri adzayamba kumasula nthambo inu musanadule keke. Eni gadeni afunseni ngati za chiphaso cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, zili m'malo, ndiponso kuti nyimbo amalola mpaka nthawi yanji poti magadeni ambiri ali pakati pa nyumba za anthu.

Mugwirizanenso za ndalama zofupa. Woimba akakometsa anthu ena amakamuponyera iyeyo, ndiye zidziwikiretu kuti zogwa pa siteji ndi za ndani, kuti pasadzakhale kukokana ndi makashiya pamaso pa alendo. Ine ndimaona kuti zoponyedwa kwa woimba zikhale zake, koma asamachite kupempha pa maiki. Chakudya chawo muwerengeretu pa mbale za alendo ndipo adye msanga alendo asanayambe, popeza nthawi ya chakudya iwo adzakhala akuimba.

Sabata imodzi ukwati usanachitike MC, DJ ndi mtsogoleri wa bandi akumane, olo kwa ola limodzi, pulogalamu ili m'manja, alembe kuti apa ndi bandi apa ndi DJ, ndipo MC akafuna kudula apanga chizindikiro chanji. Inu pa tsikulo musadzagwire foni za bandi, sankhani munthu mmodzi wa mu komiti wosachita manyazi, akhale ndi nambala zawo, kope ya pepala lija ndi envulopu ya ndalama yotsalayo, adzawapatse akamaliza nyimbo yotsiriza. Azakhali anu aja akhoza kuigwira bwino ntchito imeneyi.