Kodi amene anaitana Freddy ndi wootcha makala?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa aphunzitsi a sukulu ina ya pulaimale cha ku Muloza. Iwo akuti: "Timaphunzitsa ana kuti kudula mitengo kumasintha nyengo, koma pa wailesi timamvanso kuti nyengo aiwononga ndi maiko olemera. Mwana wina, amene bambo ake amaotcha makala, anandifunsa ngati bambo akewo ndiwo anabweretsa Freddy, ndipo ndinasowa chomuyankha. Agogo nawo amati Napolo ndi wakalekale. Zoona n'ziti?"

Aphunzitsi, mwanayo mumuuze mosazengereza kuti bambo ake sanabweretse Freddy. Namondweyu anabadwira kutali kwambiri, pa nyanja ya pakati pa Indonesia ndi Australia, kumayambiriro kwa mwezi wa Febuluwale mu 2023. Anaoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, nawomba Madagascar, nalowa m'dziko la Mozambique, nabwereranso panyanja, kenaka nalowanso kachiwiri cha ku Quelimane pa 11 Malichi, ndipo m'masiku otsatira anadzatikhuthulira mvula ija. Anakhala ndi moyo masiku 36, zomwe sizinachitikepo ndi namondwe wina aliyense chiyambire kulembera. Chakudya cha namondwe ndi madzi ofunda a m'nyanja yamchere, ndipo mpweya ukatentherako ndi digiri imodzi yokha, umatha kunyamula chinyontho chochuluka ndi magawo pafupifupi 7 pa 100 alionse. Chimene chafunditsa nyanja ndi mpweya wa kaboni wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi, zimene mafakitale, magalimoto ndi nyumba zopangira magetsi akhala akuotcha kwa zaka zoposa 150, makamaka ku Ulaya, ku America ndipo posachedwapa ku China. Afirika yense, kuphatikizapo maiko a mafakitale monga South Africa, safika ngakhale pa magawo 4 pa 100 a mpweya umenewu. Uvuni wa makala wa m'mphepete mwa phiri umatulutsadi utsi, koma pa muyeso wa dziko lonse lapansi ndi kadontho chabe.

Agogo nawonso sakunama. Napolo anadutsa ku Zomba mu 1946, ndipo mu Malichi 1991 phiri la Michesi linagumuka, miyala ndi matope zinakwirira midzi ya ku Phalombe n'kupha anthu mazanamazana. Chimene chasintha ndi kuthinana kwa masoka. Munthu amene anaona za 1991 ali mwana anakula, nakwatira, nabereka ana asanaonenso zofanana nazo, pamene mwana wa m'kalasi mwanu waona Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, kenaka ng'amba ya El Niño mu 2024, imene inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Banja limagumukiridwanso nyumba lisanamalize kubweza ngongole ya malata a nyumba yoyamba ija.

Komabe ndikanakhala kuti ndalekera pomwepa, ndikanakunamizani. Pali nkhani ziwiri zimene ofalitsa uthenga amakonda kuziphika mumphika umodzi, ndipo n'chifukwa chake anthu amatuluka pa msonkhano atasokonezeka. Kuchuluka kwa mvula imene namondwe amabwera nayo sitingakulamulire ife a kuno. Koma chimene madziwo amachita akafika pansi, chimenecho chili m'manja mwathu. Mvula ikagwa m'nkhalango, masamba amaiphwanya mphamvu, zinyalala za pansi zimaimwa, mizu imagwira dothi, ndipo madzi amatsikira ku Ruo, ku Lichenya kapena ku Likhubula pang'onopang'ono, ena n'kudzatumphuka m'akasupe mwezi wa Okutobala. Ikagwa pa mtsetse wometedwa, umene wina walimapo chimanga mizere yotsata kutsika kwa phiri, madzi onse amathamanga tsiku lomwelo atasenza dothi. Imani pa mlatho uliwonse mvula itangokata, muone mtundu wa madziwo: kufiira kumene mukuonako ndi minda ya anthu ikupita ku Shire. Ndiyenera kunenanso kuti mvula ya Freddy inali yoopsa kotero kuti malo ena anagumuka ngakhale panali mitengo, choncho tisauze ana kuti mtengo ndi mankhwala a chilichonse. Mtengo umachepetsa ngozi, ndipo umasunga madzi a chilimwe, basi.

Aliyense amene amadutsa ku Thyolo akhoza kuona yekha mmene phiri la kumeneko, limene linali ndi nkhalango yowirira, linasandukira minda mpaka pamwamba. Kuno kwathu, mkungudza wa Mulanje, umene ndi mtengo wa fuko lathu ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko, unatheratu m'maso muli gwa, moti kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yamoyo. Izi sanachite ndi mafakitale a ku Ulaya. Anachita ndi macheka, moto wolusa ndi ogula matabwa amene ankadziwa bwino lomwe kumene akuchokera.

Ponena za makala, ine ndimakana kuti mlandu wonse tiusenzetse bambo wokankha njinga ya matumba atatu usiku. Iye amaotcha chifukwa wogula alipo, ndipo wogula wamkulu ali m'tauni, ku Limbe ndi ku Blantyre, kuphatikizapo ife amene tili ndi magetsi m'nyumba koma mbaula sitiisiya. M'dziko muno mabanja oposa 90 pa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Ndipo taonani mmene zinthu zimalumikizirana. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Dothi lokokoloka kumtunda limadzaza madamu, makina n'kumafooka. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, magetsi n'kumangozimazima, ndipo amene ankaphikira magetsi anabwerera ku makala. Kuzima kwa magetsi ku Ndirande kumagwetsa mtengo ku Mulanje.

Pa nkhani ya malo, n'zosavuta kudzudzula wolima m'phiri uli ndi munda wako pachidikha. Maboma athu awiriwa, Mulanje ndi Thyolo, ali m'gulu la maboma othinana kwambiri m'dziko muno, ndipo malo ambiri achonde ali pansi pa tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda. Uthenga wongoti "tsikani m'phiri" wopanda yankho la kumene munthu akalime sumveka, ngakhale muubwereze pa chinkuzamawu tsiku lonse.

Tsono m'kalasimo mungachite chiyani? Ine ndikanatenga mabeseni awiri obooka m'mbali, limodzi la dothi lokhalokha, lina la dothi lomera udzu, n'kuwapendeketsa mofanana, ana okha n'kuthirapo madzi ofanana ndi kuona zotuluka. Akatero adzamvetsa chifukwa chake alangizi amalimbikira akalozera, udzu wa vetiva ndi kusalima m'mphepete mwa mtsinje. Muwauzenso za mbaula ya dothi ija ya Chitetezo, imene imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu, ndiponso kuti mapesi a nandolo amene timalima kale ndi nkhuni zabwino. Ngati mpata ungapezeke, apite akaone ku Bondo, kumene madzi a Lichenya amapukusa makina ang'onoang'ono opereka magetsi kumidzi, kuti aone okha kuti mtsinjewo ukaphwa, mababu nawo azima.

Pa za kubzala mitengo ndili ndi pempho limodzi. Nyengo yobzala imayamba mu Disembala kufikira mu Epulo, ndipo chaka chilichonse timamva chiwerengero cha mbande zobzalidwa, anthu atavala malaya atsopano ndi kujambulitsa zithunzi. Mwana aliyense mumpatse mbande zochepa zoti azizidziwa ngati mbuzi zake, kuphatikizapo mwana wa bambo wa makala uja, ndipo kuwerenga kwake mudzachite mu Okutobala, dzuwa, chiswe ndi moto zitadutsapo. Chiwerengero chimenecho mudzanditumizire.