Wotchi yopanda batire: funsani kaye za injini yake

Mphunzitsi wina wa ku Lizulu wandilembera imelo. Akuti wakhala akusunga ndalama chaka chonse, ndipo mlamu wake amene ali ku England abwera pa Khirisimasi, ndiye akhoza kumunyamulira wotchi. Akufuna yoyenda ndi sipuling'i, yopangidwa ndi kampani yaing'ono, ndipo maso ake ali pa Baltic ya ku France, Zelos ya ku Singapore ndi Christopher Ward ya ku England komweko. Akufunsa kuti atenge iti.

Aphunzitsi, nkhope ya wotchi musankha nokha, mkonowo ndi wanu. Ine ndilankhula za m'mimba mwake.

Makampani ang'onoang'onowa nthawi zambiri sapanga injini. Amakonza maonekedwe, koma chogunda m'katimo amagula kwina. Mukawerenga tsatanetsatane wa wotchi mudzakumana ndi mayina atatu kawirikawiri. NH35 ya Seiko imagunda ka 21,600 pa ola, ndipo mukaivula imayenda maola pafupifupi 41 isanaime. Miyota 9015, ya kampani ya Citizen, imagunda ka 28,800, n'chifukwa chake muvi wa masekondi umayenda mosalala. Ndi yopyapyalanso, mamilimita 3.9 okha, moti wotchi yake imalowa bwino pansi pa mkono wa shati. Sellita SW200 ya ku Switzerland, imene Christopher Ward amaika m'mawotchi ake ambiri, ndi yabwino kwambiri koma kuikonza kumadya m'thumba.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa zinandionekera. Ndinagulapo wotchi ya nkhope yobiriwira ngati paini wa m'phiri la Dedza, yokhala ndi injini yosadziwika. Itaima ndinapita nayo kwa mkulu wina wokonza mawotchi pakhonde la sitolo ku Lilongwe. Anaika kagalasi kake padiso, n'kutsegula kumbuyo, n'kundionetsa kagudumu kothyoka dzino, kochepa kuposa njere ya mawere. Anati, “Bwana, ntchitoyi ndiitha, koma chitsulochi ndichitenga kuti?” Kampaniyo inali itatseka kale. Mpaka lero wotchiyo ili m'kabati, ndipo ndikaiona mtima umandiwawa.

NH35 ilibe vuto limenelo. Ili m'mawotchi ambirimbiri, ndipo ikafa, mmisiri amangochotsa yonse n'kuika ina pa mtengo wosaboola m'thumba. Choipa chake n'chakuti Seiko amailola kutsogola masekondi 40 kapena kutsalira 20 pa tsiku. Inu amene mumayendera belu la sukulu, muziikonza Lolemba lililonse m'mawa ndi nthawi ya pa wailesi, basi. Musamaigoneke pa sipika kapena pa foni, chifukwa maginito amaithamangitsa.

Kwathu kuno kuli fumbi la mu Okutobala, nkhungu ya mu Juni, ndi choko chimene chimakuyeretsani zala tsiku lonse. Tengani yolembedwa 100m (nambala imeneyi imasonyeza mmene wotchi imapiririra madzi), ya kachitsulo kopukusira komanga ngati sikuluwu, ndi galasi la sapphire losakandika msanga. Yolembedwa 30m musasambe nayo. Yesaninso mkono wanu ndi chingwe musanaitanitse. Pa mkono woonda, wotchi ya nkhope ya mamilimita 38 kapena 39 imakhala bwino kuposa ya 42.

Ndikanakhala inu, pa wotchi yoyamba ndikanatenga ya NH35 kapena ya Miyota, n'kusiya ya Sellita mpaka ulendo wina. Chitsimikizo cha kampani choti idzaikonza ikawonongeka chimasangalatsa kuwerenga, koma kutumiza wotchi kunja kuchokera ku Ntcheu, ndi mmene ndalama zakunja zikusowera, si ulendo wapafupi. Ndiye itanitsani msanga, ifike kwa alamu anu mu Novembala. Aivale masabata awiri, aziiyerekeza ndi foni m'mawa uliwonse, ndipo akaona kuti ikuima kapena ikuthamanga mopitirira, aibweze ali konko asanakwere ndege. Lisiti aisunge m'chikwama chapamanja, kuti a MRA akafunsa pa bwalo la ndege la Kamuzu ikhale pafupi.