Imelo ya ma diamond aulere pa Free Fire

Funso: Mwana wanga amasewera Free Fire pafoni yanga. Kwabwera imelo yoti wapata ma diamond (ndalama za m'masewerowo) aulere, koma alembe pasiwedi pa linki pasanathe maola 24, apo ayi akaunti itsekedwa. Titani?
Mayi wa ku Senga Bay, Salima

Yankho: Mayi, musadine linkiyo, amenewo ndi akuba. Tsambalo analikonza kuti lifanane ndi la Garena, eni masewerowo, koma chilichonse mungalembepo chimathera m'manja mwawo. Za maola 24 zo ndi nyambo chabe, akufuna muchite zinthu mopupuluma.

Dinani pa dzina la wotumiza kuti muone adiresi yonse. Nthawi zambiri imakhala ya Gmail wamba, kapena dzina la kampani losinthidwa chilembo chimodzi.

Choopsa kwambiri n'chakuti ana ambiri amalowa mu Free Fire kudzera pa Facebook kapena Google. Wakuba akapeza pasiwediyo walanda zonse, ndipo amayamba kupempha abale anu ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba m'dzina lanu.

Ngati mwana analemba kale, sinthani pasiwedi lero lomwe. Pa akaunti ya Google, lowani pa Security, mutulutse mafoni onse omwe simukuwadziwa, kenako muyatse 2-Step Verification, chitetezo chomwe chimafuna chitsimikizo china, monga nambala yobwera pa SMS, kuwonjezera pa pasiwedi. Chitaninso chimodzimodzi pa Facebook. Manambala obwera pa SMS musauze munthu, ngakhale akudzitcha wa ku Garena.