Konzani kaye, koma manihole mutsegule alendiwo ali pomwepo

Mayi, mwafunsa kuti chimbudzi cha m'nyumba yomwe mumachititsa lendi chatsekeka kachitatu chaka chino, ndiye alipire ndani, inu kapena alendi anu. Nanenso ndili ndi nyumba ziwiri ku Chankhanga kuno ku Kasungu, ndipo nkhani imeneyi yandidyerapo ndalama.

Musadikire kuti mugwirizane kaye, itanani pulambala lero lomwe. Zonyansa zikasefukira zimafika ndi pabwalo pa aneba, pomwe ana amasewera osavala nsapato. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatenga anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, sitinaiwale. Kwa a Central Region Water Board musapiteko, iwo udindo wawo umathera pa mita. Za kuseri kwa mita ndi zanu ndi alendi anu.

Koma pulambalayo asatsegule manihole, dzenje lovindikira lija podutsa paipi ya zonyansa, alendiwo kulibe. Ine chimbudzi chitatsekeka panyumba yanga ina, ulendo woyamba ndinalipira ndekha. Wachiwiri ndinawauza alendi anga kuti alipire, iwo anakana kwamtuwagalu, amvekere mapaipi anu ndi akale. Wachitatu ndinapempha bambo ndi mayi a m'nyumbamo kuti adzaime pambali panga. Pulambala atalowetsa waya wake anakoka mapampasi awiri otupa ndi madzi, kenako chitsononkho. Kunangoti zii. Mayiwo anagwira pakamwa, ndipo madzulo ake bambowo anabwera okha ndi ndalama ya pulambala. Sanali anthu oipa ayi. Ankakhala ndi kamtsikana kolera mwana kochokera kumudzi, komwe kanazolowera chimbudzi chokumba chomwe chimameza chilichonse, ndipo panalibe amene anakafotokozera kuti paipi ya mamilimita 110 imangofuna madzi ndi tishu basi.

Kusinki nakonso n'chimodzimodzi. Mchenga ndi phulusa zokwechera mapoto zimakakhazikika pokhota paja pansi pa sinki, n'kugwirana ndi mafuta ndi makoko a nsima mpaka kuuma gwa. Zotere alipire ndi wokhalamo.

Komano inunso mukonzeke, chifukwa chotulukacho chikhoza kuloza inu. Panyumba yanga inayo tinapeza mizu ya mtengo wa mango italowa polumikizira paipi, ndipo ndinachita manyazi poti ndinali nditawakayikira kale anthu osalakwa. Sepitiki tanki ikadzadza chifukwa papita zaka osapopa, paipi ikakhala kuti omanga sanaitsetsereke bwino, kapena mpopi ukamadontha poti kawashala katha, limenelo ndi thumba lanu. Ndipo poti kwanuko kwatsekeka katatu chaka chimodzi, muuzeni pulambala ayang'anenso katsetserekedwe ka paipiyo, asangochotsa chatsekacho n'kumapita.

Alendiwo akapezeka olakwa n'kukana kulipira, chonde musazule chitseko kapena kuwatsekera madzi. Muli ana mmenemo, ndipo mlandu ungakutembenukireni. Jambulani zomwe zatulukazo pafoni, sungani lisiti, mudule pa dipoziti ngati munagwirizana choncho. Zikakanika pitani kwa amfumu, kapena kubwalo la majisitireti.

Ine masiku ano munthu asanalowe timalemba papepala tonse n'kusainira: chotha ndi ukalamba ndikonza ine, chotsekeka ndi zotayamo akonza iye, ndipo podontha andiuze tsiku lomwelo bilu isanakwere. Popereka makiyi ndimasiyanso kandowa kachivindikiro pambali pa chimbudzi, n'kuitana onse a m'nyumbamo, ndi wantchito yemwe, kuwaonetsa ntchito yake.