Kutsitsa Subaru Legacy pa misewu ya ku Kasungu

Achimwene, mwafunsa ngati ndi bwino kuika ma lowering springs (masipuling'i afupiafupi otsitsira galimoto) pa Legacy yanu ya AWD, yomwe imakoka ndi mawilo onse anayi. Ine ndikuti musatsitse kwambiri, ngati mumayenda msewu wa M18 wodutsa ku Santhe kapena wafumbi wopita ku Lifupa. Masipuling'i amenewa nthawi zambiri amatsitsa galimoto ndi 25mm mpaka 35mm, ndipo sedani ndi yofupika kale. Mahampu ndi maenje zidzayamba kukwapula ekizozi ndi sampu, chosungira oilo cha pansi pa injini.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mashoko. Sipuling'i yaifupi imachititsa shoko yakale kugwira ntchito itapanikizika, imagunda pa bump stop (labala yoletsa shoko kupanikizika mopitirira) ndipo sichedwa kutaya oilo. Ngati mwatsimikiza mtima, gulani masipuling'i pamodzi ndi mashoko oyenderana nawo, monga a Bilstein kapena KYB, musinthe mbali zonse zinayi tsiku limodzi. Kudula masipuling'i ndi girayinda, monga amachitira amakaniko ena, chonde ayi. Sipuling'i yodulidwa imatha kuchoka pampando wake muli pa liwiro.

Mukatsitsa, camber (kupendekeka kwa mawilo) imasintha ndipo matayala amadyeka mkati, choncho alayimenti ichitike ya mawilo onse anayi. Pa AWD izi si zamasewera, chifukwa matayala akasiyana kukula, centre diff (chogawa mphamvu pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo) imavutika ndi kutentha, ndipo kuikonza n'kodula kuposa matayala anayi atsopano.

Ngati chomwe mukufuna ndi chakuti galimoto isamapendeke pa makona, yambani ndi mabushi (malabala a m'malumikizo a miyendo ya galimoto), ma stabiliser link (tizitsulo tolumikiza chitsulo choletsa kupendekeka) ndi mashoko atsopano. Kutalika kwake kusiyeni momwe kulili.