Amuna nawonso amanong'oneza bondo, koma pa zina

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji amayi akakhala pa banki m'khonde nkhani ya zibwenzi zakale imathera pa "ndikanadziwa", pomwe abambo ku Senga Bay amangoiseka ngati sizinawakhudze. Zimawakhudza ndithu, kungoti chimene chimawapweteka ndi china.

Mu 2013 ofufuza a ku America, Andrew Galperin, Martie Haselton ndi anzawo, anafunsa anthu ambiri za izi. Akazi ankadandaula ndi zomwe anachita: kugona koyamba ndi munthu wosayenera, kuzembera chibwenzi, kufulumira kugonana ubwenzi usanakhwime. Amuna ankadandaula ndi zomwe sanachite, makamaka kugwidwa ndi manyazi osafunsira mkazi amene ankamufuna. Ku Norway, komwe mkazi sanyozedwa kwenikweni pa nkhani zotere, Leif Kennair ndi anzake anapezanso mu 2016 kuti akazi pafupifupi 35 mwa 100 anadandaula ndi kugonana kwa usiku umodzi, amuna 20 okha.

Chifukwa chake musachifune patali. Taonani kudooko usipa ukavuta. Mayi wa geni wabwera ndi beseni, ndalama ndi ya ngongole, msodzi akuti nsomba zilipo koma "tigwirizane kaye". Nsomba zikasamuka, msodzi uja wakweza boti, ulendo wa ku Chipoka kapena ku Nkhotakota. Mimba, mantha a matenda ndi dzina loipa pamsika zatsala ndi mayi uja. Ofufuza a ku Norway omwewo anaona kuti mkazi amene anayambitsa yekha sadandaula kwambiri. Chimakulitsa chisoni ndi kukakamizidwa, nkhawa ndi kunyansidwa. Choncho amene amati akazi ndi a mtima wapachala chabe akulakwitsa. Nthawi zambiri mkaziyo sanasankhe momasuka.

"Ndikanadziwa" wina ali ndi maola ake, ndipo apa ndi pamene ambiri amaluza. Ngati mwagonana popanda kondomu kapena yaphulika, PEP, mankhwala oteteza ku HIV, ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Kuchipatala cha boma ndi aulere. Mapiritsi oletsa mimba apangozi nawonso amagwira bwino m'maola 72 omwewo, ndipo kufulumira kuli bwino koposa. Mukasanza pasanathe maola 2 mutamwa mapiritsiwa, mwaninso. Mapiritsiwa sachotsa mimba yomwe yakhazikika kale. Chimalakwika n'chakuti zachitika Lachisanu usiku, munthu akuti ndidikire Lolemba, Lolemba manyazi amugwira poona mnansi pamzere, pofika Lachitatu nthawi yatha. Ena amasiya PEP pa sabata imodzi chifukwa cha nseru. Kayezetseninso magazi pakatha miyezi 3. Ngati munagwiriridwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndi ku Victim Support Unit kupolisi. Mwana akabadwa, khoti la majisitireti limatha kulamula bambo kupereka chithandizo ngakhale panalibe ukwati.

Za abambozo, musanyengedwe ndi kuseka kwa pabawo. Ofufuza ena a ku America, Thomas Gilovich ndi Victoria Medvec, anasonyeza kuti chimene munthu wachita chimapweteka msanga kenako n'kumazirala, koma chimene sanachite chimakula ndi zaka. N'chifukwa chake bambo wa imvi, ana ali ku sekondale, amamupeza usiku akusakasaka pa Facebook dzina la mtsikana amene ankayenda naye njira imodzi pochokera kusukulu, osamuuza kanthu.