Kupinda ndi kuwotcherera lata lopyapyala: mayankho a mmisiri wa ku Chipata

Funso lochokera ku Katete: Amisiri, ndili ndi Toyota Hiace imene dzimbiri ladya pamwamba pa tayala lakumbuyo. Ndinadula lata latsopano la 1 mm, ndinalipinda pa paipi, koma ndikaligwirizanitsa pamwamba m'munsi limayimirira, ndikaligwirizanitsa m'munsi pamwamba pamatsala mpata. Pomaliza ndinalikanikiza ndi chitsulo n'kuwotcherera, ndipo tsopano mbali yonse ya galimoto yachita mafunde. Ndalakwitsa pati?

Bambo, vuto lanu linayamba musanayatse makina owotcherera, ndipo linayambira pa paipi paja. Pali mapindidwe awiri amene maso amawaona ngati amodzi pamene manja amawadziwa kuti ndi osiyana. Thupi la ndowa limapindika mbali imodzi yokha, ndipo mukalimasula pamsoko limagona pansi n'kukhalanso lata lathyathyathya. Chipanda kapena mphika wa dothi umapindika mbali zonse nthawi imodzi, ndipo sungagonekedwe pansi popanda kusweka. Tengani pepala mulikulunge pa paipi, muona kuti likhala bwinobwino. Kenaka yesani kuliveka pa chipanda, muona makwinya m'mbali monse. Pamwamba pa tayala la galimoto yanu pali ngati chipanda, chifukwa pamazungulira kutsata tayala komanso pamatupa kutulukira kunja, choncho lata lopindidwa pa paipi silingakhalepo ngakhale mutalikanikiza ndi mphamvu za anthu anayi.

Kuti lata lipindike mbali ziwiri, pali njira ziwiri zokha: kutambasula chitsulo cha pakati kuti chichuluke, kapena kusonkhanitsa cha m'mphepete kuti chifupike. Ntchito yonse ya nyundo yagona pamenepa, ndipo mmisiri asanamenye amayenera kudziwa pamene chitsulo chachepa ndi pamene chachuluka. Pepala lomwe lija lingakuuzeni. Pitani ku mbali ina ya galimoto imene sinawonongeke, mumatepo pepala lolimbirako ndipo mulisalaze ndi chikhatho. Pamene pepala lachita makwinya lembanipo chizindikiro, chifukwa pamenepo lata liyenera kufupikitsidwa. Pamene lakana kugona mpaka mwaling'amba ndi lumo kuti litseguke, pamenepo lata liyenera kutambasulidwa. Mukalimatula, mulitembenuze, popeza mbali yamanzere ndi yamanja zimayang'anizana, ndipo mudule lata motsatira pepalalo mukusiya malire a 10 mm kuzungulira konse.

Zipangizo zake si zodula. Ine ndimagwiritsa ntchito chitsa cha mtengo wolimba chimene ndinachikumba pamwamba ngati mbale yosaya, thumba la chikopa lodzaza mchenga wouma wosefa, ndi nyundo yamtengo ya mutu wobulungira. Lata limaikidwa pa dzenje la chitsa, ndipo mumamenya kuyambira pakati mukuzungulira kupita kunja, mosapupuluma, mukulitembenuza ndi dzanja lamanzere. Posakhalitsa m'mphepete muyamba kuima makwinya, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa powaphwanya msanga kuti lata lioneke bwino. Khwinya ndi chitsulo chochuluka chimene chikufuna kopita. Mukalimenya pamwamba mwachisawawa limangofalikira n'kubwerera pamene linali, kapena limapindikira pa linzake n'kusanduka mng'alu. Choyenera ndi kuyamba kutseka kukamwa kwake, kumphepete kwenikweni kwa lata, kenaka n'kulimenya pang'onopang'ono kuchokera kumsonga kwake kubwera kumphepete, kuti chitsulo chilowerane chokhachokha. Mukagwira malowo ndi zala mudzamva kuti akhuthala pang'ono, ndipo ndicho chizindikiro chakuti m'mphepete mwafupikadi.

Lata likachoka pa chitsa limakhala ndi timabampu ngati khungu la jakifuruti, ndipo limafunika kusalazidwa ndi nyundo yachitsulo ya nkhope yosalala, kunsi mutagwiriza chitsulo chobulungira chimene m'magalaja timachitcha dole. Ngati mulibe dole, chidutswa cha njanji kapena mutu wa nyundo yaikulu wopukutidwa bwino umagwira ntchito. Mverani kulira kwake. Nyundo ikagwera ndendende pamene pali dole imalira mokweza kuti ngwee, ndipo pamenepo mukutambasula chitsulo. Ikagwera pambali pang'ono imalira mogonthera, ndipo pamenepo mukungotsitsa bampu popanda kupyapyalitsa lata. Kumenya kolira kukachuluka pamalo amodzi, lata limatupa n'kuyamba kudumpha mukalikanikiza ndi chala, ngati pansi pa chitini. Posalaza musadalire maso okha, koma ikani kansalu kopyapyala pansi pa chikhatho n'kuyendetsa dzanja pa lata, chifukwa khungu limamva zokwera ndi zotsika zimene diso silingaone.

Pamene ndinali wophunzira ntchito mu galaja ina kuno ku Chipata ndinachita zomwe mwachitazi pa chitseko cha galimoto ya kasitomala. Chigamba changa chinali ndi mpata wolowa chala kumbali imodzi, ndinachikanikiza ndi chotsegulira matayala n'kuwotcherera, ndipo chitazizira chitseko chinakana kutsekeka. Amisiri amene ankandiphunzitsa anandidulitsa chigamba chonse, ndipo ndinakhala masiku awiri pa chitsa mpaka china chinagona pamalo pake chokha, popanda dzanja lochigwira. Muyeso wake ndi womwewo kufikira lero: chigamba chimene chikufuna kukanikizidwa sichinathe kusulidwa, ndipo mphamvu imene mwachikanikiza nayo imatsala m'chitsulo n'kukokera thupi la galimoto. Langizo langa ndi lakuti mudule chigamba chimene mwaikacho, muwongole m'mbali ndi nyundo ndi dole, ndipo muyambirenso ndi lata lokhuthala mofanana ndi la galimoto, limene kawirikawiri limakhala pakati pa 0.7 mm ndi 1 mm.

Funso lochokera ku Petauke: Ndili ndi makina owotcherera a magetsi ndipo ndimagwiritsa marodi a 2.5 mm. Pa zitseko ndi mawindo amagwira bwino, koma pa lata lopyapyala amabowola, ndipo ndikatseka bowo lina limatseguka. Kodi makina anga ndi oipa?

Makina anu alibe mlandu, achimwene, koma rodi ndiyo yakula. Rodi ya 2.5 mm imafuna moto wa ma amp 60 mpaka 90 kuti iyake bwino, ndipo moto wotere umasungunula lata la 1 mm lisanagwirane ndi linzake. Funani marodi a E6013 a 2.0 mm, kapena a 1.6 mm ngati apezeka, ndipo mutsitse moto kufika pa ma amp 30 mpaka 50, mukuyesa kaye pa zidutswa zotsala za lata lomwelo. Ngati makina anu ndi ang'onoang'ono aja a inverter, lumikizani chogwirira rodi ku negativi, chifukwa motero moto sulowa kwambiri m'chitsulo. Ndinene mosabisa kuti pansi pa 1 mm rodi imavuta ngakhale m'manja mwa katswiri, ndipo pamenepo gasi kapena makina a MIG, owotcherera ndi waya m'malo mwa rodi, a waya wa 0.6 mm, ndiwo oyenera.

Komabe chachikulu ndi kayendetsedwe ka moto. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, koma popeza chozizira chochizungulira chimachitsekereza, chimakanikizana chokhachokha chili chofewa, ndipo chikazizira chimakhala chachifupi kuposa mmene chinalili poyamba. Msoko uliwonse umakoka, ndipo msoko wautali wowotcherera ulendo umodzi umakoka lata lonse mpaka lichite mafunde ngati aja a bambo a ku Katete. Pa chifukwa chimenechi lata lopyapyala silisokedwa mzere umodzi ngati geti. Mumaika madontho ang'onoang'ono motalikirana pafupifupi 50 mm, mukudumpha kuchoka mbali ina kupita mbali ina, kenaka mumabwerera kuika ena pakati pa oyambawo, mpaka madontho atakumana n'kukhala msoko. Dontho lililonse likazizira pang'ono, ligogodeni ndi nyundo dole ali kumbuyo, kumenya kolira kuja, kuti mubweze kutalika kumene moto wadya. Pakati pa madontho dikirani mpaka mutha kuikapo dzanja, ndipo musathire madzi pofuna kufulumira, chifukwa madzi amawonjezera kukoka ndiponso amaumitsa msoko.

Mphepete ziwirizo zikumane bwino, popanda mpata woposa kukhuthala kwa lata, ndipo zikhale zoyera, zopanda penti, dzimbiri kapena mafuta. Pamene dzanja lingafike kumbuyo, gwirizanipo chidutswa cha mkuwa chophwatalala. Mkuwa umamwa kutentha msanga ndipo chitsulo chosungunuka sichimamatira pa iwo, choncho umathandizanso potseka mabowo amene apsa kale. Paipi yamkuwa yophwanyidwa ndi nyundo imakwanira. Pogwira ntchito pa galimoto, masulani batire ndipo muyang'ane kuseri kwa lata ngati kuli mawaya, mipando kapena paipi ya mafuta. Pomaliza musalimbikire galainda pamalo amodzi, chifukwa nayonso imatenthetsa lata n'kulipinda, ndiponso imalipyapyalitsa m'mbali mwa msoko.

Funso lochokera ku Chadiza: Ndikufuna kupanga chotsira cha chigayo, chachikulu kukamwa ndi chaching'ono kunsi. Kukamwa ndikufuna 400 mm, kunsi 100 mm, kutalika 300 mm. Ndadula malata awiri ndipo onse sakukumana. Ndidule bwanji?

Chotsira ndi chosavuta kuposa chigamba cha galimoto, popeza chimapindika mbali imodzi yokha ndipo sichifuna kutambasula, koma sichidulidwa ndi mizere yowongoka. Chikagonekedwa pansi chimaoneka ngati chidutswa cha mkombero. Pa miyeso yanu chitani motere: khomani msomali pa katoni yaikulu, mumangepo waya, ndipo mujambule mizere iwiri yozungulira kuchokera pa msomali womwewo, wina pa mtunda wa 447 mm ndi wina pa 112 mm. Kuzungulira kwa kukamwa ndi 400 kuchulukitsa ndi 3.14, zimene zikupereka 1,256 mm, choncho dulani chingwe cha kutalika kumeneko, muchigoneke motsatira mzere waukulu, ndipo kumene chayambira ndi kumene chathera mujambule mizere yowongoka yopita pa msomali. Chimene chatsekeredwa pakati pa mizere inayiyo ndicho chotsira chanu. Yambani mwachipinda pa katoni kuti muone ngati chikukumana, popeza katoni ikalakwika simutaya ndalama.

Popinda lata, jambulanipo mizere khumi ndi iwiri kapena kuposerapo yochokera pa msomali paja ngati masipoko a njinga, ndipo mupinde pang'onopang'ono pa paipi motsatira mzere uliwonse ndi nyundo yamtengo. Yambani ndi m'mphepete muwiri mokumanira msoko, chifukwa mukamusiya kumapeto mumatsala mowongoka ndipo chotsira chimakhala ndi msana. Chitsulo chimabwerera pang'ono mukachisiya, choncho pindani mopitirirako. Pa chigayo ndimakonda lata la 1.6 mm chifukwa limapirira kunjenjemera ndipo limalola rodi ya 2.0 mm popanda vuto. M'kati muchotse zotsalira zonse za rodi ndipo musalaze msoko, popeza mudzadutsa chakudya cha anthu, ndipo musagwiritse lata la mgolo umene munali mankhwala a thonje kapena a fodya.

Funso lochokera ku Lundazi: Kodi ndingawotcherere malata ofolera nyumba popanga ndowa? Ndiponso thanki ya njinga yanga yamoto ikudontha pamsoko. Ndikaitsuka ndi sopo ndingaiwotcherere?

Malata ofolera amakutidwa ndi zinki, imene imawira pa madigiri 907 pamene chitsulo chimasungunuka pafupi ndi madigiri 1,500, kotero kuti moto usanagwire chitsulo zinki imakhala itasanduka kale utsi woyera. Utsi umenewo ukaupuma, pakapita maola angapo umadwala ngati malungo, thupi kutentha, kuzizidwa ndi kuphwanya, ndipo mkaka umene owotcherera ambiri amamwa suteteza mapapo. Amisiri a ndowa ndi mabafa m'misika yathu amadziwa njira yabwino, yopinda m'mphepete kuti mukolane, kukhoma ndi maliveti ndi kumata ndi soda, chitsulo chofewa chija chosungunuka ndi moto wochepa, ndipo ndowa yotero siichita dzimbiri pamsoko chifukwa zinki siinapse. Ngati kuwotcherera sikungapeweke, palani zinki mpaka 25 mm mbali zonse za msoko, mugwirire ntchito panja mphepo ikuchotsa utsi kumaso kwanu, ndipo mukamva kudwala usiku wake muwauze a kuchipatala ntchito imene munagwira.

Za thanki ndikukupemphani kuti musayese. Chimene chimaphulika si petulo wamadzi koma mpweya wake, ndipo mpweyawo umabisala m'misoko ndi m'dzimbiri la m'kati ngakhale mutatsuka kangapo ndi sopo. Thanki ikatentha umatuluka n'kukumana ndi moto. Thanki yopanda kanthu ndiyo yoopsa kuposa yodzaza, ndipo chimodzimodzinso migolo ya mafuta imene anthu amaidula ndi galainda kuti apange mbaula kapena zomwera ng'ombe. Mgolo wotere uyenera kutsegulidwa zivundikiro zonse ndi kudzazidwa madzi mpaka pamene padulidwe. Thanki ya njinga yamoto ine sindiilandira pa moto, ndipo pa njinga zimene zadzaza m'misewu ya kuno matanki atsopano ndi akale omwe amapezeka m'masitolo a zipangizo ku Chipata, choncho chotsani yodonthayo mukayese ina.